Mboni Zobisika ndi Mbiri ya Munthu

Munthu akafuna kugula ng'ombe kwa mlendo, asanayang'ane mano a ng'ombeyo amayamba wafunsa kaye anthu amene adagulapo kwa mlendoyo. Akamva kuti ndi munthu wachilungamo amamasula ndalama; akamva kuti adagulitsapo chiŵeto chodwala amabwerera kwawo ndalama zili m'thumba. Mbiri ndi chuma chimene mwini wake sachigwira m'manja, pakuti chimakhala m'kamwa mwa anthu ena. Masiku ano, pamene malonda ambiri akuchitika pa intaneti pakati pa anthu amene sadaonanepo nkhope, ntchito yofunsa mbiri ija yapatsidwa kwa makompyuta. Wogula amapereka malikisi kwa wogulitsa, makina amawonkhetsa malikisi onse, ndipo chiŵerengero chotulukacho ndicho chimatchedwa mbiri ya munthuyo.

M'nkhani ino tifuna kuunika ganizo lina la akatswiri a makompyuta, lakuti malikisi amene munthu aliyense wapereka azibisidwa, chizioneka ndi chiŵerengero cha onse pamodzi chokha, ndiponso kuti zimenezi zizitheka ngakhale pamalo pamene palibe likulu losunga zinsinsi za anthu. Ganizoli ndi lanzeru, ndipo tiliyamikira pamene liyenera kuyamikiridwa. Komatu lili ndi mbali ina imene eni ake sadaisamale mokwanira, ndipo mbali imeneyo ikhudza munthu amene mbiri yake ili pa sikelo.

Tiyambe ndi vuto limene akatswiriwo adafuna kuthetsa. Msika wa eBay udayamba ku California mu 1995, ndipo mu 1996 mwini wake, Pierre Omidyar, adakhazikitsa njira yoti ogula ndi ogulitsa azinenana poyera ngati malonda ayenda bwino kapena ayi. Mu 2002 Paul Resnick ndi Richard Zeckhauser adafalitsa zimene adapeza ataŵerenga ndemanga zambiri za pamsikawo. Pa ndemanga 100 zilizonse zimene ogula adalemba, zoposa 99 zidali zoyamikira, ndipo pafupifupi theka la ogula silidalembe kanthu konse. Kodi tinene kuti pamsika umenewo padasonkhana angelo okhaokha? Iyayi. Wogula akadandaula, wogulitsa adali ndi mphamvu yobwezera pomudetsera nayenso mbiri yake. Akayamikira, nayenso ankayamikiridwa. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika, ndipo pamenepa anthu ankaika mawu okoma kuti akawatole maŵa. Amene adapwetekedwa ankangodzichokera mwakachetechete, chotero madandaulo ake sadaloŵe m'chiŵerengero.

Eni msikawo adaona vutolo. Mu 2007 adawonjezera malikisi ena amene wogulitsa saona kuti wapereka ndani, ndipo mu 2008 adaletsa ogulitsa kulemba ndemanga zoipa pa ogula. Kampani ya Airbnb, yothandiza apaulendo kupeza malo ogona m'nyumba za anthu, idatenga njira ina mu 2014: ndemanga ya mlendo ndi ya mwini nyumba zimabisidwa kufikira onse aŵiri atalemba, kapena masiku 14 atapita. Njira zonsezi zidalira chinthu chimodzi, ndicho kampani yokhala pakati, imene imaona zonse ndi kulonjeza kuti siulula.

Nanga pamene kampani yoteroyo palibe? Alipo madongosolo ena m'mene makompyuta ambirimbiri amagwira ntchito pamodzi popanda wamkulu, aliyense ali wofanana ndi mnzake. Cha m'ma 2000 anthu ankagaŵana nyimbo ndi mafayilo mwa njira imeneyi pa Gnutella ndi Kazaa, ndipo achinyengo ankathiramo mafayilo abodza ndi mavayirasi. Mu 2003 Sepandar Kamvar, Mario Schlosser ndi Hector Garcia-Molina a pa yunivesite ya Stanford adakonza njira yotchedwa EigenTrust, yoŵerengera kukhulupirika kwa kompyuta iliyonse kuchokera pa umboni wa anzake. Koma m'dongosolo lopanda likulu, wofuna kudziŵa mbiri ya munthu amayenera kufunsa mboni zenizenizo imodziimodzi, ndipo mboniyo sidziŵa ngati wofunsayo sali kazitape wa munthu amene akufunsidwa zake. Mantha a kubwezera aja amabwereranso, tsopano popanda woteteza.

Apa ndi pamene Elan Pavlov, Jeffrey Rosenschein ndi Zvi Topol a pa Hebrew University ku Jerusalem adaloŵerera ndi pepala lawo la mu 2004. Maziko a nzeru yawo ndi apafupi, kotero kuti mwana wa sukulu wodziŵa kuwonkhetsa ndi kuchotsera angathe kuwatsata. Tiyerekeze kuti anthu atatu adachitapo malonda ndi wogulitsa wina, ndipo m'mitima mwawo amupatsa malikisi 8, 3 ndi 7 pa 10. Wofunsa amasankha nambala yakeyake yachinsinsi, tinene 457, naipereka kwa mboni yoyamba. Iyo imawonjezerapo 8 nipereka 465 kwa yachiŵiri. Yachiŵiri imawonjezerapo 3 nipereka 468 kwa yachitatu. Yachitatu imawonjezerapo 7 nibweza 475 kwa wofunsa. Wofunsayo akachotsa 457 yake ija amatsala ndi 18, ndipo akagaŵa patatu amapeza 6. Wadziŵa mbiri ya wogulitsa, koma sadadziŵe amene wapereka 3.

Aŵerengi atcheru aona kale pamene mpanda uli ndi mpata. Mboni yoyamba ndi yachitatu zikapangana, ina imanena kuti idatumiza 465, ina kuti idalandira 468, ndipo wapakati uja wagwidwa. Chifukwa cha ichi pali njira yolimba koposa, yochokera ku nzeru yogaŵa chinsinsi imene Adi Shamir adaitchukitsa mu 1979. Mboni iliyonse imaphwanya malikisi ake m'zidutswa zopanda tanthauzo. Wa 3 uja angathe kunena kuti ali ndi 50, ndi ngongole ya 20, ndi ngongole ina ya 27. Zitatuzi zikakumana zimabala 3, koma chilichonse pachokha sichinena kanthu. Amasunga chidutswa chimodzi, zinazo amagaŵira anzake, ndipo anzakewo amachitanso chimodzimodzi. Aliyense amawonkhetsa zidutswa zimene zili m'manja mwake natumiza chotulukacho kwa wofunsa, ndipo pomaliza 18 yomwe ija imapezekanso. Ena amagwiritsa ntchito njira ya Pascal Paillier ya mu 1999, imene imalola kuwonkhetsa manambala ali chitsekere, monga ngati munthu aphatikiza ndalama za m'maenivulopu omata popanda kuwang'amba.

Kunena zoona, nzeru imeneyi ndi yokongola, ndipo si maloto a m'kalasi chabe. Mu Januwale 2008 alimi pafupifupi 1,200 a ku Denmark, olima mbewu ya beet imene amapangira shuga, adagulitsana makontirakiti awo mwa njira yofanana ndi imeneyi. Kampani ya Danisco ndiyo yokha inkagula mbewuyo m'dzikomo, ndipo alimi sadafune kuti idziŵe mitengo imene aliyense adali wokonzeka kulandira kapena kulipira, poopa kuti idzaŵerenga umphaŵi wawo ndi kuwapanikiza pa mtengo. Mitengoyo idaphwanyidwa ndi kugaŵidwa ku makompyuta atatu: ya kampani, ya bungwe la alimi, ndi ya akatswiri ofufuza. Mtengo wa msika udatuluka popanda wina kuona mtengo wa mlimi mmodzi. Pamenepa masamu adagwira ntchito imene kale ikadafuna munthu wokhulupirika kwambiri, ndipo anthu otero ndi osoŵa.

Tsono tiyenera kufunsa ngati zimene zidathandiza alimi a ku Denmark zingathandizenso pa mbiri ya munthu. Chokayikitsa choyamba n'chakuti chiŵerengero cha onse pamodzi nachonso chimalankhula. Dzulo mboni zidali zitatu, malikisi 18. Lero mboni ndi zinayi, malikisi 20. Wogulitsa amene wagulitsa kwa munthu mmodzi yekha chiyambire dzulo sasoŵa kompyuta kuti adziŵe amene wamupatsa 2. Loko angakhale wolimba chotani, chinsinsi chatulukira pakhomo lalikulu. Pavlov ndi anzake adazindikira okha kuti ngati mboni zonse, kupatula imodzi, zili kumbali ya wofunsa, palibe masamu amene angaiteteze imodziyo, ndipo adasamala kwambiri za kasankhidwe ka mboni kuti pakhale zokhulupirika zosachepera ziŵiri. Mankhwala ena alipo. A eBay adakonza zoti asaonetse malikisi obisika aja kufikira atakwana 10. Ena amathira dala kacholakwa kakang'ono m'chiŵerengero, potsata nzeru ya Cynthia Dwork ndi anzake ya mu 2006. Koma mankhwala onseŵa amagwira bwino pamene mboni zili zambiri. Pamene zili zochepa, ndiye kuti pamene anthu amadziŵana ndipo kubwezera kuli pafupi, m'pamene chitetezo chimafooka.

Chokayikitsa chachiŵiri ndi chachikulu. Chinsalu chimene chimaphimba mboni yamantha chimaphimbanso mboni yonama. Njira zapafupi zimene tafotokozazi zimayerekeza kuti anthu onse ndi okhulupirika pa kutsata malamulo, kungoti ali ndi chidwi chofuna kusuzumira za anzawo. Koma munthu wa kaduka angathe kuthira ngongole ya 500 m'malo mwa malikisi apakati pa 0 ndi 10, ndipo poti palibe woona chidutswa chake, mbiri ya mnzake imagwa m'dzenje popanda wodziŵa amene adakumba. Akatswiri ali nalo yankho. Kuyambira pa ntchito ya Shafi Goldwasser, Silvio Micali ndi Charles Rackoff ya mu 1985, n'kotheka kutsimikiza kuti nambala yobisika ili pakati pa 0 ndi 10 popanda kuiulula. Tivomereza kuti zimenezi n'zodabwitsa. Komabe umboni wotere umangotsimikiza kuti bodzalo ndi la msinkhu wololedwa. Wopereka 0 kwa munthu woyenera 9 wakhala m'kati mwa malamulo, ndipo masamu alibe njira yoonera mumtima mwake.

Ndiponso wonama mmodzi angathe kudzisandutsa khamu. Mu 2002 John Douceur wa ku Microsoft Research adalemba za chinyengo chimene adachitcha Sybil, dzina lochokera m'buku la mu 1973 lonena za mayi amene ankati ali ndi anthu ambiri mwa iye yekha. Munthu mmodzi amatsekula maina 100, lililonse ndi kupereka umboni wake. Douceur adasonyeza kuti popanda likulu lotsimikiza kuti dzina lililonse ndi la munthu mmodzi, chinyengochi n'chovuta kwambiri kuchiletsa. Msampha wofanana nawo udalipo kale makompyuta asanabadwe. Ku Athens wakale nzika zinkalemba pa mapale dzina la munthu amene zifuna kuti apirikitsidwe mumzinda kwa zaka 10. Mu 1937 ofukula zakale adapeza m'chitsime china pafupi ndi Acropolis mapale pafupifupi 190 olembedwa dzina la Themistocles, ndipo atayang'anitsitsa kalembedwe adaona kuti manja 14 okha ndiwo adalemba onsewo. Ambiri amaganiza kuti gulu lina lidawakonzeratu kuti ligaŵire anthu pa tsiku la chisankho. Kusiyana kwake n'kwakuti phale limasunga kalembedwe ka dzanja, ndipo patapita zaka zoposa 2,000 lidaulula. Zidutswa za masamu zidapangidwa dala kuti zisaulule.

Omar Hasan, Lionel Brunie ndi Elisa Bertino adapititsa ntchitoyi patsogolo cha m'ma 2012 ndi njira yotchedwa k-Shares. Mmenemo mboni sigaŵira zidutswa zake kwa aliyense, koma kwa anzake oŵerengeka amene iyo yomwe imawakhulupirira, ndipo ikaona kuti palibe okwanira ili ndi ufulu wokana kupereka umboni. Njirayi imachepetsa mauthenga oyenda pakati pa makompyuta, ndipo tikuiona kuti ili pafupi ndi moyo weniweni wa anthu. Koma taonani zimene yavomereza: kuti tiŵerenge kukhulupirika kwa mlendo, tiyenera kuyamba takhala nawo anthu amene timawakhulupirira kale popanda kuŵerenga. EigenTrust nayonso idafuna makompyuta angapo okhulupiriridwa kuyambira pachiyambi. Chikhulupiriro sichidapangidwe ndi makina. Makina adangochibwereka kwa anthu ndi kuchisamutsa. Ndipo mboni imene ilibe abwenzi m'gululo, mlendo kapena wonyozeka, ndiyo imene idzakhala chete, monga momwe adakhalira chete wogula wopwetekedwa uja pa eBay.

Tafika tsopano pa mfundo imene ikutivuta koposa zonse. M'mapepala a akatswiriŵa munthu amene mbiri yake ikuŵerengedwa amaoneka kaŵirikaŵiri ngati mdani woyenera kumuchenjerera: ndiye wofuna kusuzumira, ndiye wofuna kubwezera. Saoneka ngati munthu amene angathe kunamiziridwa. Apa ndi pamene fanizo la alimi a ku Denmark limathera. Mlimi ankabisa mtengo wakewake, nkhani yokhudza thumba lake. Mboni imabisa mawu onena za munthu wina, ndipo mawuwo ndiwo adzatseka kapena kutsekula khomo la munthu winayo. Chinsinsi cha mlimi chidali chake chonse. Chinsinsi cha mboni, theka lake ndi la wonenedwayo.

Anthu akale adalimbana nalo funso limeneli. Cha m'ma 112, Pliny, bwanamkubwa wa Bithynia, adalembera mfumu Trajan ya ku Roma kufunsa chochita ndi Akhristu, ena mwa iwo ataneneredwa m'kalata yopanda dzina la wolemba. Trajan sadali bwenzi la Akhristu, komabe adayankha kuti makalata opanda dzina asalandiridwe pa mlandu uliwonse, pakuti ndi chitsanzo choipa. Mfumuyo idaona kuti woneneza amene sangafunsidwe mafunso ali ndi mphamvu yoposa ya woŵeruza. Pabwalo la milandu la kumudzi nzeru yake ndi yomweyo: wodandaula amaimirira, wodandaulidwa amamva ndi makutu ake, kenaka amayankha.

Wina angatiuze kuti malikisi a pa intaneti si mlandu, ndipo palibe womangidwa. Koma tiyeni tione woyendetsa galimoto wa Uber. Apaulendo amamupatsa nyenyezi kuyambira 1 mpaka 5, iye saona amene wapereka zingati, ndipo malikisi ake akatsika kupitirira mlingo umene kampani idaika angathe kuchotsedwa pa ntchitoyo. Chakudya cha ana ake chili pa nambala imeneyo. Pa eBay chinsinsi chinkateteza wogula wamng'ono kwa wogulitsa wamphamvu; apa chikuteteza wokwera kwa munthu amene ali pansi pake. Wokwera amene wapereka nyenyezi imodzi chifukwa cha khungu la woyendetsa, kapena kalankhulidwe kake, kapena chifukwa cha kuchuluka kwa magalimoto pamsewu, amabisala m'chiŵerengero pamodzi ndi amene adali ndi dandaulo lenileni. Masamu sasiyanitsa wofooka ndi wamphamvu. Amateteza aliyense amene wakhala pa mpando wa mboni. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Ndipo Uber ili nalo likulu. Kumeneko kuli anthu amene angathe kutsekula mabuku, kuona kuti wokwera wina amapereka nyenyezi imodzi kwa aliyense, ndi kuchotsa malikisi ake. Kaya amachita zimenezi mwachilungamo kapena ayi, khomo logogodapo lilipo. M'dongosolo lopanda likulu, m'mene malikisi adaphwanyidwa m'zidutswa, khomolo palibe, ndipo kusoŵa kwake ndiko kumene akatswiri amakuyesa chipambano. Wonamiziridwa akafunsa kuti wandinena ndani, yankho loona n'lakuti palibe wodziŵa ndipo sipadzakhala wodziŵa. Akafunsa kuti ndalakwanji, yankho n'lakuti 6.

Yankho lachiŵirili tisalipitirire msanga. Njira zonse tafotokozazi zimagwira pa manambala, chifukwa manambala ndiwo amawonkhetseka. Mawu sawonkhetseka, ndipo akalembedwa amaulula mwini wake, pakuti wogulitsa amakumbukira amene adakangana naye za thumba long'ambika. Chotero kuti mboni ibisike bwino, chifukwa chake chiyenera kutayidwa. Koma chifukwacho ndicho chimene chikadathandiza wogulitsa kukonza cholakwa chake, ndiponso chikadathandiza wogula watsopano kuŵeruza yekha ngati dandaulolo likumukhudza. Malikisi 3 a munthu amene katundu wake adachedwa masiku aŵiri ndi malikisi 3 a munthu amene adaberedwa ndalama amalemera chimodzimodzi pa sikelo imeneyi. Wofunsa amalandira uthenga wa kandimverere, wosadziŵa zimene zidanenedwa pabwalo.

Sitikunena kuti tibwerere ku masiku a eBay yoyamba, pamene aliyense ankayamikira mnzake chifukwa cha mantha. Umboni woperekedwa mwamantha ndi wachabe, ndipo pa mfundo imeneyi Pavlov ndi anzake adalondola. Chimene tikupempha n'chakuti wokonza dongosolo lotere ayambe wafunsa kuti pakati pa mboni ndi wonenedwa wamphamvu ndani, ndiponso kuti nambala yotulukayo idzagwiritsidwa ntchito yanji. Ngati ndi yothandiza kusankha kompyuta yotengako fayilo, chinsinsi chathunthu chilibe vuto, pakuti wonamiziridwa sataya zambiri. Ngati ndi yochotsera munthu ntchito kapena kumumana ngongole, payenera kukhala njira ya apilo, ndipo apilo safika patali ngati umboni sungatsekulidwe konse.

Zida zochitira zimenezi zilipo kale. Mu 1991 David Chaum ndi Eugène van Heyst adafotokoza siginecha ya gulu: munthu amasaina m'dzina la gulu lonse, oona amatsimikiza kuti wasaina ndi membala weniweni koma sadziŵa kuti ndi uti, ndipo pakabuka mkangano wosunga kiyi angathe kuulula dzinalo. Kiyi ameneyu angathe kuphwanyidwa mwa njira ya Shamir ija ndi kugaŵidwa kwa anthu asanu, kuti atatu mwa iwo akagwirizana atsekule, koma aŵiri okha alephere. Mboni yoona ikadakhala yobisika kwa wogulitsa ndi kwa anthu onse, ndipo mboni yonama ikadadziŵa kuti tsiku lina ingathe kuitanidwa kudzayankha. Mtengo wake tiudziŵe: anthu asanu aja ayenera kusankhidwa ndi wina, ayenera kukhala ndi malamulo onena nthaŵi yoyenera kutsekula, ndipo atatu mwa iwo angathe kugulidwa kapena kuopsezedwa. Akakhazikitsidwa, dongosolo lija limene linkati lilibe likulu lidzakhala nalo bwalo la akuluakulu asanu, ndipo mboni iliyonse idzayenera kufunsa mbiri ya asanuwo isanapereke malikisi ake.